Makalori 2,000 patsiku: zolemba za masabata 16 ochepetsa thupi

Ndisanayambe

Chimene chandiyambitsa ntchitoyi ndi chingwe cha nsapato. Ndinawerama kuti ndimange, ndipo podzuka ndinali wefuwefu ngati galu wandipirikitsa. Patangopita masiku ochepa adokotala anandiyeza BP n'kundiuza mofatsa kuti, "Bambo, mankhwala sitikupatsani panopa, koma thupili mulichepetseko." Poyambira sanandiuze.

Manambala anga lero ndi awa: zaka 38, kutalika masentimita 172, kulemera makilogalamu 94.0, ndipo tepi ikazungulira pa mchombo ikuwerenga masentimita 106. BMI, muyezo woyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake, amaipeza pogawa kulemera ndi kutalika (m'mamita) kochulukitsa kokhakokha. Kwa ine 1.72 kuchulukitsa ndi 1.72 ndi 2.96, ndiye 94 kugawa ndi 2.96 kukupereka 31.8. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati kuyambira 18.5 mpaka 24.9 thupi lili pabwino, 25 mpaka 29.9 lapitirira muyezo, ndipo kuyambira 30 ndi kunenepa kwambiri. BMI sisiyanitsa mafuta ndi minofu, n'zoona, koma ine sindinanyamulepo zitsulo moyo wanga wonse, ndiye chobisalirako palibe.

Kalori ndi muyezo wa mphamvu. Imene amalemba pa mapaketi kuti kcal ndi mphamvu yokwanira kutenthetsa lita imodzi ya madzi ndi digiri imodzi. Wilbur Atwater, katswiri wa ku America wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndiye anatisiyira manambala amene aliyense amagwiritsa ntchito: galamu imodzi ya mapuloteni ili ndi makalori 4, ya sitachi kapena shuga 4, ya mafuta 9. Mowa weniweni umene uli mu chakumwa uli ndi 7 pa galamu.

Pofuna kudziwa mphamvu imene thupi langa limawononga ndikangogona osachita kanthu, ndatsata masamu a Mifflin ndi St Jeor a mu 1990. Kulemera kuchulukitsa ndi 10, kuphatikiza kutalika kochulukitsa ndi 6.25, kuchotsa zaka zochulukitsa ndi 5, kenako mwamuna amawonjezera 5 pamene mkazi amachotsa 161. Zanga zapereka 1,830. Ntchito yanga ndi ya pampando koma ndimayendayendako pang'ono, choncho ndachulukitsa ndi 1.375, zafika pafupifupi 2,500, amene thupi langa limawononga tsiku lonse. Ndikamadya 2,000 ndiye kuti tsiku lililonse pakupelewera 500, pa sabata 3,500. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700, ndiye ndiyembekezere kutsika ndi magalamu cha m'ma 450 pa sabata. Kang'onong'ono bwanji.

Zida: sikelo yoyezera munthu, sikelo yaing'ono ya m'khitchini, tepi, kope ndi cholembera. Pulogalamu ya pafoni ndikungoigwiritsa ntchito pofufuza makalori a chakudya. Kulemba ndikulemba pamanja.

Sabata yongolemba

Masiku 7 ndadya monga mwa nthawi zonse, kungoti chilichonse chimayamba chakwera pa sikelo. Avareji yatuluka 2,600 ndi kadontho. Chandidabwitsa ndi malo amene makaloriwo amabisala. Ndinkaganiza kuti vuto ndi mbale ya chakudya cha madzulo, koma mbaleyo ilibe mlandu waukulu.

Tiyi ndimamwa makapu atatu patsiku, shuga masupuni ang'onoang'ono atatu pa kapu. Supuni imodzi ndi makalori 16, ndiye 144 amenewo. Chitini cha chakumwa choziziritsa kukhosi cha mamililita 330 pa nkhomaliro chili ndi shuga wokwana magalamu 35, makalori pafupifupi 140. Mtedza wokazinga umene ndimasunga mu dilowa ya ku ofesi ndinkauona ngati chotafuna cha munthu wosamala thanzi. Magalamu 100 ali ndi makalori oposa 560, ndipo masiku ena paketi yonse imatha ndikuyankha mauthenga pa kompyuta.

Koma mfumu ya zonse ndi mafuta ophikira. Supuni yaikulu imodzi ndi magalamu 14, makalori 120. Ndinaika botolo pa sikelo akazi anga asanayambe kuphika, ndi kuliikanso atamaliza. Lachepa ndi magalamu 70, pa chakudya cha anthu awiri. Iwo anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, mwayamba kuyeza mafuta ngati mankhwala? Mukanayamba mwaphika nokha kaye." Mawu amenewo ndawalandira. Kuyambira sabata ya mawa chakudya cha madzulo ndiziphika ine masiku atatu.

Cholakwitsa choyamba ndachipeza Lachinayi. Mpunga wophika ndimaulemba ndi nambala ya wosaphika. Wosaphika uli ndi makalori cha m'ma 360 pa magalamu 100, koma ukamwa madzi mu poto umatsikira ku 130. Ndabwereza masamu a masiku atatu.

Sabata 1

Lolemba 94.0, Lamulungu 92.3. Makilogalamu 1.7 pa masiku 7! Ndinatsala pang'ono kuimbira foni abale onse, koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Masamu akukana. Kuti mafuta okhaokha achoke ochuluka chomwecho pafunika kupelewera makalori oposa 13,000, pamene ine ndapelewera 3,500 kapena 4,000 basi.

Otsalawo ndi madzi. Thupi limasunga shuga m'chiwindi ndi m'minofu ngati glycogen, ndipo galamu iliyonse ya glycogen imagwira magalamu pafupifupi atatu a madzi. Ukachepetsa kudya nkhokweyo imayamba kuphwa, madzi ake n'kutuluka. Onjezerani kuti mchere ndachepetsa ndiponso m'matumbo muli chakudya chocheperapo. Ndalemba m'kope ndi zilembo zikuluzikulu kuti sabata yamawa sidzakhala chonchi.

Tiyi wopanda shuga akuwawa ngati chilango.

Sabata 2 mpaka 4

91.9, 91.5, 91.0. Ndizo masamu ananena, ndipo n'zotopetsa. Palibe wazindikira chilichonse.

Ndasintha kayezedwe. Ndikukwera pa sikelo m'mawa uliwonse ndikangochoka kuchimbudzi, ndisanamwe kanthu, koma nambala ya tsikulo sindikuiwerengera. Lamulungu ndimaphatikiza zonse 7 n'kugawa, ndipo avarejiyo ndi imene ndimaiyerekeza ndi ya sabata yapitayo. Mkati mwa sabata imodzi sikelo imatha kusewera ndi kilogalamu yathunthu popanda chifukwa chooneka.

Tsiku langa la chakudya lakhazikika motere. M'mawa mazira awiri owiritsa, buledi zidutswa ziwiri, nthochi, ndi tiyi wa mkaka, zonse 440. Masana mpunga wophika magalamu 200, nyemba magalamu 150, kabichi wambiri ndi supuni imodzi ya mafuta, cha m'ma 610. Madzulo nkhuku yochotsa khungu kapena nsomba magalamu 150, mbatatesi zowiritsa magalamu 250, masamba, ndi supuni inanso ya mafuta, 635. Pakatipakati lalanje ndi mtedza magalamu 30 oyeza pa sikelo, osati otapa ndi dzanja. Zonse zimafika pa 1,900 ndi kena, ndipo kotsalako ndi malo a zolakwitsa.

Sabata 5

Loweruka kunali phwando la kuntchito. Ndinanyamuka ndi malonjezo ambiri, koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Nyama yowotcha, tchipisi, keke zidutswa ziwiri, mabotolo atatu a mowa. Lolemba sikelo inati 92.1, pamene Lachisanu inali 90.8.

Ndinakhala pa bedi mphindi zingapo ndili duu, mtima ukuti ntchito ya milungu itatu yapita m'madzi. Kenako ndinatenga cholembera. Mafuta okwana kilogalamu 1.3 ndi makalori 10,000 owonjezera pamwamba pa 2,500 amene thupi limawononga kale. Ngakhale ndiwerengere mowolowa manja, tsiku lonse la Loweruka silinapitirire 4,000. Chimene sikelo ikuonetsa ndi mchere wogwira madzi, glycogen yobwerera m'malo mwake, ndi chakudya chimene chidakali pa ulendo. Sindinadzilange ndi njala. Ndinangobwerera pa 2,000, ndipo Lachinayi inati 90.7.

Phwandolo ladya zotsatira za masiku atatu kapena anayi, osati za milungu itatu.

Sabata 6 mpaka 8

Apa ndi pamene ndikufuna kulemba mosabisa, chifukwa ndi pamene ntchito yonse inatsala pang'ono kufa. Avareji: 90.2, 90.1, 90.1. Milungu itatu sikelo yaima njii, pamene kope likuti tsiku lililonse ndikudya pakati pa 1,950 ndi 2,000.

Ndinayamba ndi kuimba mlandu thupi. Ndinauza mnzanga wa kuntchito kuti thupi langa lazolowera ndipo lasiya kuwotcha mafuta. Iye anandifunsa funso limodzi lokha: "Achimwene, Loweruka ndi Lamulungu mumalembanso?" Ndinayankha kuti inde, koma nditatsegula kope madzulo ndinapeza kuti masiku amenewo ndimalemba "pafupifupi 2,000" basi, opanda mndandanda.

Ndinafufuzanso masiku ena. Botolo la mafuta ndinasiya kuliika pa sikelo cha m'sabata yachinayi, poti diso lazolowera. Nditathira mwa diso m'kapu n'kuyeza, supuni yanga imodzi inali magalamu 25. Kawiri patsiku, amenewo ndi makalori 200 osalembedwa. Mtedza unabwerera kotapa ndi dzanja, ndipo dzanja langa limatapa magalamu 50. Kulawa ndikamaphika, kachidutswa ka buledi kotsala pa mbale ya wina, mkaka wothira mu tiyi osayeza, zonsezi sizinkalowa m'kope. Kuphatikiza ndi masiku awiri a kumapeto kwa sabata, 500 yanga ija inkatha yonse.

Zoterezi si zanga ndekha. Mu 1992 magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inasindikiza kafukufuku wa Steven Lichtman ndi anzake pa anthu amene ankati akudya zosakwana makalori 1,200 koma sakuchepa thupi. Atawayeza bwinobwino anapeza kuti matupi awo amawotcha mphamvu monga a wina aliyense, koma chakudya ankachiwerengera mochepetsa ndi 47 peresenti, ndipo masewera olimbitsa thupi ankawawerengera mokokomeza ndi 51 peresenti. Sikuti ankanama mwadala. Inenso polemba "pafupifupi 2,000" ndinkakhulupirira ndi mtima wonse.

Ngakhale manambala a pa mapaketi si a ndendende. Ku United States malamulo amalola kuti makalori enieni apose olembedwa ndi 20 peresenti. Masamu a Mifflin ndi St Jeor nawonso ndi ongoyerekeza, ochokera pa gulu la anthu amene si ine. Ndiye woweruza weniweni ndi avareji ya sikelo pa milungu itatu. Ikaima, ndiye kuti zolowa zikufanana ndi zotuluka, kaya kope likunena zotani.

Sabata 9

Ndinachita zopusa. Chifukwa cha mkwiyo wa milungu itatu yotayika, ndinadula chakudya mpaka 1,300. Lolemba ndi Lachiwiri zinayenda. Lachitatu mutu unkapweteka ndipo ndinakalipira munthu pa nkhani ya zii. Usiku tulo sitinkabwera, maganizo ali pa buledi wopaka majarini. Lachisanu cha m'ma 10 koloko usiku ndinapezeka nditaima m'khitchini ndikudya chilichonse chimene dzanja lagwira, ndipo nditawerengera mawa lake zinali pafupifupi 1,500 pa mphindi makumi awiri.

Zinandikumbutsa za kafukufuku wa Ancel Keys ku yunivesite ya Minnesota mu 1944 ndi 1945. Amuna 36 athanzi anadzipereka kudya pafupifupi theka la chakudya chawo kwa milungu 24, ndipo anataya gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwawo. Anakhala okwiyakwiya, omva kuzizira, ndipo nkhani yawo inali chakudya chokhachokha, ena mpaka kusonkhanitsa mabuku ophikira. Ataloledwa kudya momasuka ambiri ankadya osamva kukhuta. Zanga zinali za masiku anayi okha, sizingafanane ndi zimenezo, koma kafungo kake ndinakamva.

Njala si kufooka kwa mtima kokha. Mafuta a m'thupi amatulutsa homoni (mthenga wa m'magazi) ya leptin, imene Jeffrey Friedman ndi anzake anaitulukira mu 1994, ndipo ikatsika ubongo umawerenga kuti nkhokwe ikutha. M'mimba mumatuluka homoni ya njala ya ghrelin, yotulukiridwa ku Japan mu 1999, imene imakwera nthawi ya chakudya ikayandikira. Ukadula kwambiri, ziwirizi zimagwirizana zokugwetsa.

Ndabwerera pa 2,000. Akazi anga anangoti, "Tinakuuzani Lolemba lomwe lija," ndipo anandiuzadi.

Sabata 10 mpaka 12

89.3, 88.8, 88.3. Sikelo ya m'khitchini yabwerera pa ntchito yake, ndipo mafuta a tsiku lonse ndikumawayezeratu m'kabotolo kakang'ono m'mawa. Akatha atha.

Nthawi imeneyi ndaika mtima pa zimene zili m'mbale, chifukwa makalori 2,000 a mabisiketi ndi 2,000 a zakudya za kasinthasintha sakhutitsa mofanana. Kabichi ali ndi makalori 25 pa magalamu 100, ndiye theka la mbale likadzaza masamba m'mimba mumadzaza pa mtengo wochepa kwambiri. WHO imalangiza magalamu 400 kapena kuposa a zipatso ndi masamba patsiku, mchere wosakwana magalamu 5, ndi shuga wothira wosafika 10 peresenti ya makalori onse. Pa 2,000 amenewo ndi magalamu 50 a shuga, kutanthauza kuti chitini chimodzi chija chinkadya gawo lalikulu. Magalamu 400 ndinkayesa ndi ochepa mpaka nditawayeza. Pa sabata yongolemba ija sindinkafika ngakhale 200.

Mapuloteni ndikuyesetsa kuti apose magalamu 100 patsiku. Dzira limodzi lili ndi 6, nkhuku yophika magalamu 100 ili ndi 31, ndipo nyemba, nsomba ndi mkaka zimathandizira. Zifukwa zake ndi zitatu. Amachedwetsa njala, amateteza minofu kuti isathere limodzi ndi mafuta, komanso thupi limawononga 20 mpaka 30 peresenti ya makalori awo pongowagaya, pamene pa mafuta silipitirira 3 peresenti. Tsiku limene m'mawa ndadya buledi yekha, njala imandipeza isanakwane 10 koloko. Ndikaikapo mazira ndimafika masana osaganizira za dilowa ya mtedza.

Zakudya zokonzeratu za m'mapaketi ndazichepetsa nditawerenga zimene Kevin Hall wa ku National Institutes of Health anapeza mu 2019. Anthu 20 anawasunga m'chipatala mwezi wathunthu, milungu iwiri akudya zopangidwa kwambiri m'mafakitale, iwiri ina zophika kuchokera ku zinthu zosasinthidwa, ndipo anawauza kuti adye mmene akufunira. Pa zam'mafakitale ankadya makalori pafupifupi 500 owonjezera patsiku. Nambala yomweyo imene ine ndikuivutikira.

Ndayambanso kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata, kuti ndikwanitse mphindi 150 zimene WHO imanena. Kwa munthu wa thupi ngati langa ulendo umodzi umawotcha pakati pa makalori 150 ndi 200, ofanana ndi mtedza wa magalamu 30. N'chifukwa chake sindiwabweza m'mbale, ngakhale foni indiuze kuti ndawina chakudya chowonjezera. Phindu la kuyendako ndikuliona pa tulo ndi pokwera masitepe.

Pa 88.3 BMI yatsika pansi pa 30. Malire ake kwa ine anali 88.7.

Sabata 13

Kutsika kwachedwerapo, 88.0. Ulendo uno ndinayamba ndi kope, ndipo lili bwino. Ndabwereza masamu: thupi la makilogalamu 88 likapuma limawononga 1,770, ndipo kuchulukitsa ndi 1.375 kukupereka 2,430. Thupi laling'ono limadya mphamvu zochepa, ngati galimoto yotsitsa katundu. Mpata wa 500 uja tsopano ndi 430. Apa ndi pamene lamulo lakale la Max Wishnofsky la mu 1958, lakuti makalori 3,500 ndi paundi imodzi (magalamu cha m'ma 450) ya kulemera kwa thupi, limasocheretsa. Limawerengera ngati thupi silisintha, ndiye limalonjeza kuti udzatsika mofanana mpaka kalekale. Sindikudulanso chakudya. Ndawonjezera mphindi 10 pa kuyenda, ndi masewera odzikankha pansi ndi onjuta kawiri pa sabata pofuna kusunga minofu.

Mwana wa mchemwali wanga anandifunsa kuti, "Malume, nanga mimba ija yapita kuti?" Ndinamuyankha mongoseka kuti yatuluka ndi thukuta, kenako ndinakafufuza. Ruben Meerman ndi Andrew Brown anawerengera mu British Medical Journal mu 2014 kuti pa makilogalamu 10 a mafuta, 8.4 amatuluka kudzera m'mapapo ngati mpweya wa carbon dioxide, ndipo 1.6 yokha ndiyo imasanduka madzi. Ndiye kuti mimba yanga yambiri ndaipumira kunja. Ndamuimbira foni kuti ndikonze yankho, koma sanakhulupirire.

Sabata 14 mpaka 16

87.5, 87.1, 86.6. Kuchokera pa 94.0 ndatsika ndi makilogalamu 7.4, pafupifupi 8 peresenti ya thupi. BMI ili pa 29.3. Tepi ikuti 98, kuchokera pa 106. Malangizo a bungwe la NICE la ku Britain amati m'chiuno musapitirire theka la kutalika kwako, ndiye kwa ine ndi 86, ulendo udakalipo. Kuti BMI ifike pansi pa 25 ndiyenera kulemera zosakwana 74, ndipo sindinasankhe ngati ndikufunadi kukafika kumeneko.

Chimene chikundikhazika mtima pansi ndi kafukufuku wa Diabetes Prevention Program amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002. Anthu amene anali pa chiopsezo cha matenda a shuga anawapatsa cholinga chochepetsa thupi ndi 7 peresenti ndi kuchita masewera mphindi 150 pa sabata, ndipo amene anadwala anachepa ndi 58 peresenti poyerekeza ndi gulu losapatsidwa chithandizocho. Malire a 7 amenewo ndawadutsa. Adokotala andiyezanso BP Lachiwiri ndipo akuti yatsikako, ndibwerenso pakapita miyezi itatu.

Zosayenda bwino zilipo. Loweruka likadali tsiku loopsa, ndipo kawiri mwezi uno ndalemba chakudya chake Lamulungu m'mawa mongokumbukira, njira yomwe ija inandisocheretsa. Masamba a madzulo ndimawadumpha ndikatopa. Nthawi zina ndimagwidwa ndikuwerengera makalori a m'mbale za anthu ena, khalidwe limene akazi anga andiletsa kulichita mokweza.

Tiyi wopanda shuga ndamuzolowera, moti wina atandithirira mwangozi ndinalephera kumaliza kapu.

Kuyambira mawa ndiima kaye milungu iwiri pa makalori 2,400, ndione ngati avareji ikhala pamodzimodzi. Ikakwera ndi theka la kilogalamu masiku oyamba ndidziwa kuti ndi glycogen ndi madzi ake. Owonjezera 400 ndawagawa kale: mpunga wophika magalamu 100 masana, kapu ya mkaka madzulo, ndi theka la peyala laling'ono m'mawa. Mabatire a sikelo ya m'khitchini ayamba kufooka, ndigule ena lisanafike Loweruka, komanso lamba akufunika kuboola bowo lachiwiri.